Makutu Obwereka

"Waya umenewu tsiku lina udzakola mwana," ndinatero.

Bambo anali chiimire pampando, akukhomera msomali pamwamba pa zenera. Sanamve. Amuna anga anamva, koma anaseka.

"Mwayambanso, a Nachenjezo? Dzana munati ngodya ya tebulo, dzulo munati ndowa. Mawa mudzati mpweya wachuluka m'nyumba."

Sankanama. Ndinali mayi wamantha, wa mwana mmodzi wongoyamba kukwawa. Akagona ndinkamuika chala pamphuno kuti nditsimikize kuti akupuma. Koma mawu a munthu wochenjeza tsiku ndi tsiku ali ngati mpopi wodontha: onse amauzolowera, mwini wakenso.

Bambo anga anabwera kudzakhala nafe Amayi atamwalira. Anafika ndi sutikesi imodzi, wayilesi yakale yolemera ngati mwala, ndi waya wautali wokulunga. Moyo wawo wonse anagwira ntchito pa makina ocheka matabwa, ndipo makinawo anawadyera makutu pang'onopang'ono. Ankagona pabalaza. Wayawo unkachoka kumbuyo kwa wayilesi, n'kulendewera kuseri kwa mpando, n'kutulukira pazenera mpaka kumtengo wa kuseri kwa nyumba.

Masiteshoni apafupi analibe nawo ntchito. "Amenewo ngakhale foni imagwira," ankatero. Iwo ankasaka akutali, a pa AM, amene masana amabisala koma kukada amadumpha mapiri ndi nyanja. Ankazimitsa babu ndi kuzula chaja, ati zimalowetsa njuchi m'wayilesi. Akatero ankayendetsa singano ya wayilesi pang'onopang'ono, ngati munthu wozula minga kuphazi la mwana.

Panali siteshoni imodzi imene ankaifuna koposa. Iwo ndi Amayi ankaitcha ya kutsidya. Kunkamveka belu, kenako mayi wa mawu okhuthala n'kuyamba kuyankhula chilankhulo chimene panalibe wochidziwa. Amayi akamumva ankasiya zosoka n'kunena kuti, "Mnzanga uja wafika." Chimwalirire Amayi, Bambo anali asanamupezenso.

Choyamba ankakweza wayilesi mpaka mbale kunjenjemera m'kabati, ndipo aneba anadandaula. Anagula mahedifoni, osathandiza. Tsiku lina madzulo anawavula n'kundipatsa.

"Mwanawe, ndibwereke makutu ako. Ine ndizipotokola, iwe uzindiuza."

Ndikanakana bwanji? Munthu amene ankandinyamula paphewa kupita kusukulu ankangopempha makutu.

Tsikulo kunja kunada msanga, kumwamba kuli mbee, kopanda mitambo. Amuna anga anali asanaweruke kophika buledi kumene ankagwira ntchito. Mwana anagona pamphasa, kuseri kwa mpando wanga. Ndinamuyang'ana kawiri, n'kumufunditsa, n'kuvala mahedifoni. Bambo anazimitsa babu. Pabalazapo panangotsala kakuwala kachikasu ka pawayilesi, ndipo m'kuwala komweko ankandiyang'anitsitsa kumaso, poti nkhope yanga ndiyo inali makutu awo.

"Ukumva chiyani?"

"Mvula pamalata!" ndinakuwa.

Anasuntha singano. "Pano?"

"Mpira! Koma chilankhulo chachilendo!"

"Amenewo ndi akale, timadziwana. Agoletsa?"

"Sindikudziwa!"

"Sagoletsa amenewo." Anaseka, n'kutembenuza wayilesi yonse pang'ono patebulo. Mpira uja unamira. Pansi pa phokoso, kutali ngati m'chitsime, ndinamva belu. Kenako mawu a mayi, okhuthala, osathamanga.

Bambo anaonera pankhope panga.

"Ndi iyeyo?"

Ndinagwedeza mutu. Dzanja lawo linachoka pawayilesi n'kugwira langa.

"Akuti chiyani?"

"Sindikumva chilankhulo chake, Bambo!"

"Mayi akonso sankamva. Ungondiuza mmene akuyankhulira."

Ndinawauza kuti ankayankhula ngati munthu wotonthoza mwana. Misozi inatsika m'masaya mwawo, osaipukuta. Posakhalitsa mawu aja anayamba kudukaduka. Thethethe, n'kubwerera. Thethethe, n'kubwereranso.

"Ikudukaduka!"

"Ndi mmene imachitira ya kutali. Pirira, usavule. Ibweranso."

Ndinakanikiza mahedifoni ndi manja onse awiri, n'kutsinzina kuti ndimve bwino.

Kuwala kwa babu ndi kumene kunanditsegula maso. Amuna anga anali pakhomo, jumbo ya buledi ili pansi, akudumphira kuseri kwa mpando wanga. Nditacheuka ndinaona mwana. Anali atadzuka, n'kuimirira chogwira waya uja, n'kugwa nawo utamuzinga m'khosi. Timiyendo tinkapalasa pamphasa. Akapalasa, waya unkagwedezeka kumbuyo kwa wayilesi. Kudukaduka kuja kunali kwa mwana wanga.

Amuna anga anamasula wayawo ndi zala. Mwana anakhala duu, kukamwa kuli yasa. Kenako anakoka mpweya ngati chitseko cha dzimbiri n'kulira. Sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko.

Kuchipatala anamupima n'kutiuza kuti apulumuka. Tinabwerera naye ali ndi mzere wofiira kuzungulira khosi. Tinapeza Bambo atakhala pomwe tinawasiya, wayilesi ili yozima, buledi atatola n'kumuika patebulo.

"Ati bwanji adokotala?"

"Ali bwino," anatero amuna anga. Anagwada pafupi nawo. "Bambo, musadziimbe mlandu. Msomali uja ndinakupatsani ndine."

"Mwati?"

"Ndati mulibe mlandu."

Bambo anaika dzanja kukhutu. Amuna anga anali atatopa, maso ali psuu, malaya ali ndi masanzi a mwana. Anakweza mawu mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka.

"Mulibe mlandu, Bambo! Mulibe mlandu!"

Mwana anadzidzimuka n'kuyambanso kulira. Sindikudziwa chimene chinalowa m'makutu mwa Bambo. Chimene anaona ndi mkamwini wawo akuwakuwira kumaso, ndi mwana wawo atafungatira khanda chakutali, pafupi ndi chitseko cha kuchipinda. Anatambasula dzanja kuti akhudze mdzukulu wawo. Ine ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Sindinaganize, thupi linangochita lokha. Anabweza dzanjalo n'kuliika pabondo.

Tinagona osagona. Mwana anali pakati pathu, chala changa chili pamphuno pake. Khoma la pakati pa chipinda ndi balaza linali lopyapyala, ndipo munthu wosamva sadziwa kukula kwa mawu ake. Bambo ankayesa kuti akunong'ona.

"Mnzako uja anafika lero," Bambo ankauza malemu Amayi. "Koma ndawapweteketsera mwana. Ndipita kwa mlongo wanga. Ndichoka kusanache, asanadzuke. Asandimve."

Amuna anga anandigwira paphewa. "Pitani mukawaletse," ananong'ona. "Inu akumverani."

Ndinadzuka. Ndinafika pachitseko, n'kugwira chogwirira. Pomwepo mwana anatsokomola, kachifuwa kouma, kokanda pakhosi. Ndinabwerera kukamutukula mutu. Atagonanso ndinakhala pamphepete pa bedi, dzanja lili pamsana pake, maso ali kuchitseko.

Kuseri kwa khoma, Bambo ankalongedza mosamala kwambiri. Sutikesi inakhulika pasimenti. Supuni inagwa n'kuvina pansi. Mpando unalira atakwerapo kuti azule msomali uja. Pansi pa chitseko ndinaona mthunzi wa mapazi awo ukudutsa chonyang'ama, atavala masokosi okha, nsapato atanyamula m'manja kuti asatidzutse.