Malaya Oyera a Sopan

Sopan ankagwira ntchito yolowa m'ngalande za zonyansa mumzinda wa Pune, ntchito imene amangopatsa anthu a mtundu wake okha, mtundu umene ena ankanyansidwa nawo. Koma akaweruka ankasamba mpaka sopo kutha, n'kuvala malaya oyera mbee, ositidwa bwino, kuti m'basi anthu asamuthawe. Mkazi wake Shevanta ankamuseka. "Bambo inu, kutchena konseku mukukafunsira wina kodi?"

Tsiku lina mpweya woipa wa m'ngalandemo unamupha. Shevanta anatsala ndi malaya aja, m'kolala mukadali kafungo ka mafuta a kokonati. Sankawachapa.

Kenako kunabwera Mrinal, mtsikana wophunzira wa gulu la zisudzo. Anakhala pansi, n'kumwa tiyi m'kapu ya m'nyumbamo osanyansidwa. Zimenezo zinamufewetsa mtima Shevanta.

"Mayi, tikupanga sewero kuti dziko liwadziwe amuna anu. Tibwerekeni chinthu chawo chimodzi."

"Tenga malaya awa, mwanangu. Koma udzabweze momwe alilimu, ndilibenso china."

"Musadandaule, mayi."

Tsiku la sewero anamukhazika Shevanta kutsogolo. Iye ankadikira kuona mwamuna wake ali chilili, atatchena. M'malo mwake kunatulukira mnyamata wonenepa bwino, akuyenda chowerama, atavala sanza zakuda bii. Pachifuwa pa sanzazo panali batani lobiriwira limene Shevanta anasokerera yekha loyera litasowa. Anali malaya a Sopan aja.

Anthu analira, naomba m'manja ataimirira. Inde, kulira amatha anthu amenewa, bola fungo lisawafike.

Mrinal anamuthamangira, misozi ikulengeza m'maso. "Mwaona, mayi? Holo yonse yalira!"

"Malaya aja mwawatani?"

"Aa, anali oyera kwambiri, mayi. Ndani akanakhulupirira kuti ndi a munthu wa m'ngalande? Tangowang'amba pang'ono n'kuwapaka phula. Tikugulirani ena abwino kuposa awa."

Mtsikanayo sanali woipa mtima, ndipo chimene chinapweteka kwambiri n'chimenecho.

"Moyo wawo wonse amuna anga ankadzichotsa zimenezi pathupi," anatero Shevanta. "Inu mwawapakanso atafa."

Anamuvula yekha mnyamata uja, nanyamula malayawo. Kumpopi wa m'mudzi mwawo anachapa, nachapanso, akulira ngati maliro achitika lero, mpaka zala kusupuka. Phula silinachoke. Chimene chinachoka ndi kafungo ka m'kolala kaja.