Maseva Atatu m'Bokosi Limodzi

"Bwerezaninso mawu amenewo, a Muhiwa," anatero Sellah.

"Wakuba! Ndabwereza," anakuwa a Stafford Muhiwa, mkulu wa alonda pa esiteti. "Mu ofesi mwako munali maseva atatu, makompyuta akuluakulu oyendetsa ntchito pano. Lero ndapezamo bokosi limodzi. Enawo amera mapiko?"

Munthu wake kusankha malo! Anamuimitsa pa sikelo penipeni, dzuwa lili paliwombo, othyola tiyi atandanda ndi madengu kumsana. Pamzerepo panalinso mayi ake a Sellah, amene anathyola masamba zaka makumi awiri kuti mwanayo aphunzire za makompyuta. Iwo anangogwetsa nkhope pansi.

"Akale aja bwana Crispin anapita nawo ku Limbe," anatero Sellah. "Tsopano maseva onse atatu akugwira ntchito m'kati mwa kompyuta imodzi yatsopanoyo. Wa sikelo, wa ku fakitale, wa pa geti, aliyense ali ndi chipinda chake mmenemo. Sagwirika ndi manja, koma alimo."

"Tamvani anthuni! Makina ali ndi pakati!" anatero a Muhiwa. Anthu ena anaseka. "Iwe, ine ndinayamba ulonda usanamere mano. Tiye ukandionetse ana akewo."

Bwana Crispin, manijala, anali atapita ku chipatala ku Makwasa, foni yawo yozima. Womuikira umboni Sellah panalibe.

Atalowa mu ofesi, a Muhiwa anatulutsa sikuludiraiva m'thumba n'kugwira chingwe cha magetsi cha kompyutayo.

"Mukazula chingwe chimenecho, mwazimitsa esiteti yonse," anachenjeza Sellah.

"Ukuopa chiyani ngati alimo?"

"Chabwino. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu."

Anazula. Anamasula chivindikiro n'kusuzumira m'kati, mphuno kutsala pang'ono kugunda mawaya. Munali kafani koziziritsa makina, mawaya ndi fumbi basi.

"Mwaona? Mulibe!" anatero monyadira. Sellah anapsa mtima mpaka misozi inalengeza m'maso. Anatola chingwe chija n'kukhala pampando.

Sipanapite nthawi, kunja kunabuka phokoso. Sikelo inali itasiya kulemba. Ku fakitale makina oumitsira anayamba kulira alamu, pa geti mathirakitala anangoima. Masamba anali kutenthana m'matumba padzuwa. Apo mpamene galimoto ya bwana Crispin inatulukira.

"Wazimitsa seva ndani?" anafunsa ali pakhomo, thukuta kamukamu.

"Bwana, ndimafufuza katundu wobedwa..."

"Wobedwa uti? Akale aja ndinawanyamula ndine, pa galimoto yanga! Mumalephera kudikira kuti mundifunse?" Anatembenuka. "Sellah, yatsa msanga."

Sellah sanasunthe.

A Muhiwa anakanda m'mutu, maso ali pa nsapato. "Basi, pepa mwanawe. Kulakwa kulipo."

"Ayi. Pepani wa m'chipinda sindikumufuna. Mwanditukwana pa sikelo, pamaso pa mayi anga. Mukapepesere komweko."

"Sellah, tiyi akuwonongeka!" anakalipa bwana Crispin.

"Tiyi aphukanso sabata yamawa, bwana. Nanga ine? Lamlungu ndikalowa bwanji m'tchalitchi? Pofika madzulo ano mpaka a ku Nchilamwela akhala atamva kuti mwana wa aNaphiri ndi mbava. Ngati mukufuna kundichotsa ntchito, ndichotseni, koma muyatse nokha."

Bwana Crispin anayang'ana bokosi lotsegula lija, mawaya ali pamtunda. Panalibenso wina pa esiteti yonse wodziwa kuti mwa maseva atatuwo woyamba kudzutsidwa ndi uti. Anausa moyo n'kutsegula chitseko.

"A Muhiwa, tsogolani."

Anatsetsereka onse atatu, Sellah ali pambuyo, chingwe chili m'manja. Pa sikelo anthu onse anatembenuka kuwayang'ana. A Muhiwa anavula chipewa n'kuyamba kung'ung'udza zosamveka.

"Kwezani mawu," anatero Sellah. "Mayi anga ali kumapeto kwa mzere."