Onyamula Bokosi la Malachy

Fintan Geraghty anali m'khitchini akudulira buledi anthu odzapepesa maliro pamene Cathal analowa n'kutseka chitseko. Cathal anali mkulu wake wa malemu Malachy, sajeni wa polisi, munthu woti ngakhale moni amapereka ngati akufunsa mlandu.

"Aphunzitsi, onyamula bokosi takwana kale. Ine, ana anga ndi asuweni. Inu muziyenda kumbuyo ndi anthu ena onse."

"Ndamva, a Sajeni."

"Mwamva bwino? Ndakhala ndikutsinzina chifukwa cha mng'ono wanga. Lero wapita. Lamulo likadalipo, ndipo mlandu suwola."

Fintan anapitiriza kudula buledi, ngakhale mbale inali itadzaza kale.

M'Ireland ya masiku amenewo, mwamuna wokondana ndi mwamuna mnzake ankatha kulowa nazo m'ndende. Za ukwati ndiye musanene n'komwe. Fintan ndi Malachy anakhala nyumba imodzi, pamwamba pa sitolo ya nsapato ya Malachy, kuyambira ali anyamata mpaka imvi. Tauni yonse inkadziwa. Koma anthu akwathu ndi akatswiri podziwa chinthu n'kumachita ngati sakuchidziwa, ndiye Fintan ankangotchedwa "walendi uja". Walendi wanji wosambitsa mwininyumba, kumumwetsa phala ndi supuni, kumutembenuza pabedi khansa itamudya mpaka mafupa? Koma dzina linali lomwelo.

M'tchalitchi Fintan anakhala pa benchi yakumbuyo. Anthu anandanda kukagwira chanza abale kutsogolo, ndipo palibe anamuyang'ana. Zinamuwawa kwambiri, koma anauza mtima wake kuti ukhale m'malo. Mwini sukulu imene ankaphunzitsa anali wansembe yemweyo amene ankatsogolera mwambowo, ndipo mawu amodzi a Cathal akanakwanira kumuchotsetsa ntchito.

Kuchokera kutchalitchi kukafika kumanda n'chitunda, ndipo kwathu bokosi limayenda pamapewa osakhudza pansi. Amuna amanyamula awiriawiri, aliyense atagwira phewa la mnzake kunsi kwa bokosi kuti lisapendeke. Amalandizana likuyenda. Munthu akakukhudza pamsana umamupatsa malo, osafunsa kuti ndiwe yani, pakuti maliro n'kulirana.

Mvula inali kuwaza. Fintan ankayenda kumbuyo monga anamuuzira, chipewa chili m'manja, pamene Nuala, mlongo wa malemu, anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuyenda pambali pake.

"Alamu," anatero chapansipansi, maso ali kutsogolo. Sanamutchulepo choncho chiyambire. "Mumusiya akwere chitunda chonsechi ndi anthu amene sankabwera n'kudzamuona komwe?"

"Achimwene anu andichenjeza."

"Achimwene anga amachenjeza ndi agalu omwe. Ine sindikukutumani ayi. Ndangofunsa."

Fintan anayendabe pang'ono kumbuyoko. Ankaopa. Anaganiza za ana a m'kalasi mwake, za dzina lake m'nyuzipepala, za chitseko cha ndende. Kenaka anaona bokosi likugwedezeka pa mapewa a anyamata aja, amene ankayenda mothamanga ngati anyamula thumba la mbatata. Walira mvula walira matope. Anapatsira Nuala chipewa.

Bokosi limatsogoza miyendo, choncho kumutu kunali kumbuyo, kumene kunali Cathal ndi mwana wake wamkulu. Fintan anakhudza msana wa mnyamatayo. Iye anachoka asanaone n'komwe kuti ndani, ndipo Fintan analowetsa phewa.

Anthu amene ankanong'onezana za mitengo ya ng'ombe anangoti maso tong'o. Wansembe anacheuka, namuyang'ana nthawi yaitali.

Fintan anatambasula dzanja kunsi kwa bokosi n'kugwira phewa la Cathal. Koma dzanja la Cathal linakhalabe lili lende, ndipo bokosi linayamba kupendekera mbali imodzi.

"Ukudziwa chimene wachita, iwe?" Mawu a Cathal anatulukira m'mano.

"Ndikudziwa. Mundimange tikamutula. Koma panopa gwirani, a Sajeni, tingamugwetse."

Anayenda choncho, bokosi lili chopendeka, mpaka dzanja lolemera linagwera paphewa la Fintan. Linamufinya mopweteka, ndipo Fintan sanadziwe ngati unali mkwiyo kapena chisoni. Mwina mwini wakenso sankadziwa. Fintan ankangomumva akupuma movutikira tsidya lina la thabwa, ndipo patapita kanthawi anazindikira kuti sajeniyo akulira.

Pachipata cha manda msuweni wina anathamangira, kuganiza kuti akonza zinthu, nakhudza msana wa Fintan. Mwambo unkafuna kuti achoke. Anayamba kumasula dzanja, koma la Cathal silinamusiye.

"Msiyeni," anatero Cathal mosatembenuka. "Sanatope."

Fintan anatsamiritsa tsaya pa thabwa lonyowa, pomwe panali mutu wa Malachy, ndipo analowa naye m'manda anthu onse akuona.