Mphuno ya Galimoto

Bambo anga amaphimba chilichonse. Wailesi ili m'thumba lapulasitiki, loko wa pageti ali m'thumba lapulasitiki, ngakhale chishalo cha njinga imene inasiya kuyenda kalekale anachikulunga n'kumanga ndi mphira. Ukawaseka amangoti dzimbiri siliodira.

Ine ndimayendetsa galimoto yonyamula matabwa, m'misewu ya matope okhaokha. Chaka chatha inamwa madzi pakhwawa la kumunsi kwathu, injini n'kuferatu. Makaniko ataikonza anaikapo paipi yakuda yokwera m'mbali mwa chitseko cha kumanzere mpaka kudenga, kuti injini izikoka mpweya m'mwamba, kutali ndi madzi ndi matope. Iye ankaitchula kuti mphuno.

Nditafika nayo kunyumba ndinawaonetsa bambo, monyada ndithu. "Madzi akangolowa umu, bambo, galimoto yatha." Anaiyang'ana nthawi yaitali, akugwedeza mutu.

Tsiku limene mkazi wanga anayamba kumva kupweteka kwa mwana wathu woyamba, kunacha ndi mvula yosaonetsa kutsogolo. Ndinamukweza pampando, chikwama pamiyendo. Bambo anakwera kumbuyo ndi ambulera yawo, atakana kutsala.

Galimoto inalira, koma mawu ake sanali aja. Ndikaponda moto inkangobuula n'kutulutsa chiutsi chakuda. Tinakwawa choncho mpaka pamtsetse wa kukhwawa. Nditaponda mwamphamvu kuti tiwoloke, inatsamwa, n'kuzima, matayala akutsogolo ali m'madzi.

Mutu unaima. Dizilo ndinali nditathira dzulo lake. Ndinatsegula boneti: batire ili bwino, mawaya ali m'malo mwake, sefa ya mpweya youma gwa! Ndinailiza kachiwiri. Inagwira pang'ono n'kuzimanso.

"Inu, chikuchitika n'chiyani?" anafunsa mkazi wanga, atakukuta mano.

"Tikupita pompano, mayi," ndinamuyankha, koma ineyo sindinkadziwa kumene ndigwire.

Ndinamuimbira makaniko, foni ikunyowa m'manja.

"Yamwanso madzi, achimwene?"

"Ayi, sefa ndi youma."

"Nanga utsi?"

"Wakuda bii."

"Ndiye kuti sikupuma."

"Sikupuma bwanji poti mphuno munaika nokha?"

"Aaa, pamenepo nanenso mwandibalalitsa."

Ndinamutukwana, ndisaname. Madzi a m'khwawa anali akukwera, atamiza kale theka la tayala, ndipo mkazi wanga anali atasiya kufunsa. Kukhala chete kwakeko n'kumene kunandiopsa kwambiri. Ndinamenya boneti ndi chibakera ngati kuti galimotoyo ili ndi makutu.

Bambo anatsika pang'onopang'ono n'kudzandifunditsa ambulera.

"Mwanawe, usavutike ndi za madzi. Madzi sanalowemo ngakhale dontho. Kumeneko ndinakonza ndekha."

"Munakonza chiyani?"

"Paipi ija. Mvula itangoyamba mbandakucha. Makaniko wakoyo waisiya kukamwa yasa, kumwamba kukugwa madzi chonchi?"

Ndinazungulira mbali inayo n'kuyang'ana m'mwamba. Pakamwa pa mphunoyo panali thumba lakuda, lomangidwa ndi mphira mwaluso, mfundo yake yooneka bwino. Injini inali italikokera m'kati mpaka kumata. Paipi yakuda, thumba lakuda, mvula m'maso: ndikanafufuza mpaka dzuwa kulowa.

Ndinakwera pachopondera n'kuling'amba ndi mano. Zimene ndinawalankhula bambo anga pamenepo sindingazibwereze. Anangotola thumbalo m'matope, akulitembenuza, nkhope ikuonetsa kuti sakumvetsabe cholakwa chawo.

Galimoto inalira kamodzin'kamodzi. Tinawoloka madzi akugunda zitseko, injini osatsokomola n'komwe.

Kuchipatala anamulandira mkazi wanga mothamanga n'kunditsekera chitseko kumaso. Ndinakhala pabenchi, zovala zikudontha. Namwino atatuluka, sanandinyengerere.

"Mwachedwa naye kwambiri, bambo. Mwanayo wabadwa osapuma. Tavutika naye."

Ndinaimirira. "Ndiye?"

"Imvani nokha."

Kuseri kwa chitsekocho kunali kamawu kakang'ono kosasa, kolira mokwiya. Ndinalira nanenso, anthu akundiona.

Kenako ndinakumbukira bambo. Pabenchi panalibe, pakhonde panalibenso. Mtima unandipweteka, poti mawu aja anali olemera, ndipo munthu wamkulu akhoza kuuyamba wapansi osatsanzika.

Ndinawapeza panja poimika magalimoto. Anali atakwera pachopondera, dzanja limodzi atagwira denga, linalo atatukula ambulera pamwamba pa paipi ija. Mvula yonse inkathera pamsana pawo.

"Bambo, tsikani. Mwana wabadwa, wamkazi. Akupuma."

Anandiyang'ana, koma ambulera sanaitsitse.

"Sindinaikhudze, mwanawe," anatero. "Taona, mpata wopumira ndasiya."