Dzina Limene Petronella Anatchula

Mng'ono wanga Petronella si munthu wabodza. Ananama kamodzi, ndipo ndikanakhala ine pamphasa paja, ndikananama msanga kuposa iye.

Mimba yake yoyamba inamuzunza. Miyendo inatupa mpaka patapata kukana kulowa, mutu sunkaleka kuwawa, ndipo kukiliniki anamuuza kuti magazi akuthamanga kwambiri, akangomva chachilendo athamangire kuchipatala. Matenda a kubereka anamuyamba masiku ake asanakwane, m'nyengo imene mvula imasandutsa dera lawo la Kanyama dziwe. Mwamuna wake Victor anali kuntchito yake youmba mabuloko. Panyumba panali amayi a Victor okha.

Mayiwo anatseka chitseko. Kwawo amati mwana akamavuta kutuluka ndiye kuti mkazi anayenda ndi mwamuna wina, ndipo njira sitseguka mpaka atamutchula dzina. Petronella analumbira, analira, anapempha kuti amuitanire galimoto. Iwo anakoka mpando n'kukhala. Petronella ataona kuti m'maso mwayamba mdima, anatchula Robert. Kunalibe Robert aliyense, dzinalo linangomubwerera mkamwa. Apo m'pamene apongozi akewo anaitana anthu omunyamula, ndipo anafika kuchipatala akugwedezeka thupi lonse. Anamuchita opaleshoni. Mwana anatuluka wochepetsetsa, ndipo analira manesi atamuvutikira nthawi yaitali.

Mwanayo ndi Nigel, panopa ali giredi thu. Sakhala pansi. Ukamutuma mchere umakamupeza pamwamba pa mpanda wa eni, mcherewo ataiwala kalekale. Aphunzitsi amubweza kangapo. Ndimamukonda mwana ameneyu, koma ndisaname, amatopetsa. Victor, amene amayi ake anamuuza za Robert, sanamunyamulepo pamapewa. Nigel akathyola kanthu, Victor amangoti, "Ku banja kwathu kulibe bana ba so." Petronella anamufotokozera za bodza lija mpaka mawu kutha, koma zinali ngati akuuza khoma. Chaka chino Victor ananena poyera kuti mwana wa eni achoke, apite kumudzi ku Katete, kwa azakhali athu okalamba amene sangathamangitse ngakhale nkhuku.

Mphunzitsi wina wachifundo ndiye anatilozera kwa dokotala wa ana. Ine ndinamulondola Victor kuntchito kwake.

"Ba mulamu, tiyeni chabe mukamvele mweka. Mukamvela, muchite vamene mufuna."

Anabwera, ngakhale ankayenda kumbuyo kwathu ngati sakutidziwa.

Dokotalayo anali mayi wofatsa. Anacheza ndi Nigel, amene anali atatsegula kale madirowa onse, kenako anafunsa za kusukulu, za kunyumba, ndi za mimba. Petronella anafotokoza zonse, za chitseko chija zomwe, maso ali pansi.

"Vamene ali navo timaviitana ADHD," anatero dokotala. "Si mwano, si mizimu. Bongo wake umavutika kugwila chinthu chimozi. Kambili vimayenda mu banja. Koma BP ya pa mimba, kubadwa masiku akalibe kukwana, na kusoba mphepo pobadwa, vonse ivo vingaonjezele chiopsezo. Siningakambe kuti ni ichi cheka chinalengesa. Chamene niziba ni chakuti angathandizike, maka-maka ngati ali pafupi na makolo bake."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayang'ana Victor ndipo ndinaona kuti wamva. Mwendo wake unkanjenjemera pansi pa tebulo monga umachitira nthawi zonse, makiyi akuzungulira pachala. Mkamwa munandiyabwa kuti ndimuuze adziyang'ane yekha aone kumene Nigel anatengera, koma ndinadzigwira.

"Ba dokota," anafunsa motsitsa mawu, "sembe banamupeleka mwamusanga ku chipatala, sembe ali bwino?"

"Siningazibe. Koma kuchedwa kuja sikunathandize, kuli mwana olo kuli bamake."

Amayi a Victor anamwalira chaka chatha. Anamulera okha ndi ndalama za makala, ndipo chithunzi chawo chili pakhoma pabalaza. Ndinkaona zonse zikuyenda pankhope pake, ndipo kwa kanthawi ndinamumvera chisoni. Kuti Nigel akhale wake, anayenera kuvomera kuti amayi ake anatsekera mdzukulu wawo chitseko popanda chifukwa.

Anaimirira n'kuika makiyi m'thumba.

"Bamayi banga sibanalakwe," anatero. "Mwana ni wa Robert."

Anatuluka osamenyetsa chitseko. Petronella sanalire, anangopinda kansalu kamene anali nako m'manja n'kukapindanso. Ine ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ukali umenewo sunandichoke.

Ku Katete Nigel sanapite. Ndinamutenga ine, kuchipinda changa chimodzi ku Chawama, kumene kulibe ngakhale malo oti mwana athamangepo. Tsiku limene tinkasamuka ndi kachikwama kake, mu minibasi anadumphadumpha pampando mpaka kondakitala kudandaula. Titatsika anandigwira dzanja.

"Ba anti, ba Robert bankhala kuti?"

"Ufunsila chani?"

"Nifuna nikabauze kuti nizayamba kunkhala pansi. Kapena beve bazanifuna."