Pansi pa Galimoto Yoyenda pa Mpweya

Galimoto imene amuna anga anagula ine ndinkaitcha mkazi mnzanga. Inali yaitali, yakuda bii, ya mipando yachikopa, ndipo inkasambitsidwa tsiku lililonse pamene mpope wa kubafa kwathu unkadontha wopanda woukonza. Kukwera ndinkakwera, nditayamba ndasasa nsapato, koma chiwongolero sindinachikhudzepo.

Chimene chinawatenga mtima bambowo n'chakuti galimotoyo inalibe masipuling'i achitsulo. Inkakhala pa matumba anayi a mpweya, limodzi pa tayala lililonse. Ukadina batani inkanyamuka pang'onopang'ono, ukadina lina n'kugwada. Mlendo aliyense ankayenera kuonerera zimenezi asanapatsidwe ngakhale madzi akumwa.

Tsiku lokaitenga, wogulitsa ananena ine ndili pomwepo: "Bwana, mukaikweza ndi batani musamalowe pansi pake. Mpweya sudalirika." Amuna anga anangoseka. Anakulira pansi pa magalimoto akutha a bambo awo, ndipo munthu wotero sauzidwa kanthu.

Kenaka mkazi mnzanga uja anayamba kudwala. M'mawa uliwonse tinkamupeza atapendekera kumbuyo, mbali ya kumanzere. Kugaraja anati tipite nayo sabata yotsatira, koma bambo tulo sankationa. Loweruka masana, ana ali kwa azakhali awo, ine ndikuyanika zovala, anaikweza mpaka pamapeto n'kuzimitsa injini. Anayala katoni pa simenti, natenga sipanala ndi botolo la madzi asopo kuti thovu liwaonetse pamene mpweya unkathawira.

"Bambo, nanga jeke?" ndinafunsa.

"Jeke yachiyani, mayi? Taonani malo onsewa. Mukhoza kuyalamo matiresi."

Analowa chagada, kunja kutangotsala miyendo. Pasanapite nthawi ndinawamva akukuwa mosangalala: "Ndapaona! Ndi kanati chabe aka, ndingokamanga."

Mmene anakapotozera sindikudziwa. Ndinangomva fwiiii, ngati tayala labooka, ndipo galimoto yonse inakhala pansi ine ndikuona. Bambo anafuula kamodzi kokha, "Mayo!" Kenaka zii. Miyendo yokha ndi imene inkapalasa pa simenti.

Ndinagwada n'kusuzumira. Chitsulo chinawadina pachifuwa, maso ali tong'o, ndipo mpweya unali ukutulukabe. Ndinawagwira m'miyendo.

"Musakoke," ananong'ona. "Lizani injini. Ikwezeni."

Ndinakuwa kuitana anthu, koma mpanda wathu ndi wautali, ndipo tinaumanga tokha kuti pasamabwere munthu. Palibe anayankha.

Kiyi anali m'galimoto momwemo. Ndinatsegula chitseko, n'kuwerama ndili panja, n'kukanikiza buleki ndi dzanja limodzi, linalo n'kudina batani lolizira injini. Injini inalira. Ndinadina batani lokwezera, koma galimoto inangoti pii pii, ndipo pa kagalasi ka kutsogolo panatuluka mawu akuti nditseke zitseko zonse. Ndinadinanso. Pii pii. Chinthu chopusachi sichinyamuka chitseko chili chotsegula.

Apa ndiye mantha anandigwira zenizeni. Kuti ndiikweze ndinkayenera kulowa ndi kutseka chitseko. Ndipo ine si munthu wochepa thupi, ana atatu anandisiyira zawo. Kulemera kwanga konse kukanatsikira pachifuwa cha mwamuna wanga.

Ndinathamangiranso kumbuyo. "Bambo, ikufuna ndilowe. Ndikupwetekani!"

Milomo yawo inali itayamba kuda. Anatsinzina, n'kutsegulanso maso. "Lowani."

Ndinaika phazi limodzi, kenaka thupi, pang'onopang'ono ngati ndikugoneka khanda. Sizinathandize. Ndinaimva galimoto ikutitimira, ndipo kubuula kwawo kunandipeza kudzera pansi pa mpando. Ndinatseka chitseko ndikulira.

Mabatani aja anali awiri, oyandikana, wina muvi woloza kumwamba, wina pansi. Ndinayang'anitsitsa, ndinayang'anitsitsanso, ndipo ndinadina.

Kumbuyo kunayamba kulira kompuresa, kamakina kopopa mpweya. Galimoto inagwedezeka. Mbali yanga inanyamuka, kutsogolo kunanyamuka, koma kona yodwala ija sindinkadziwa, chifukwa fwiii uja sanasiye. Kompuresa ikupopa, bowo likutaya. Ndinatsitsa galasi.

"Bambo! Yakusiyani?"

Ndinakuwanso mokweza.

"Bambo a ana, ndiyankheni!"

Injini yokha. Pa kalilole wa pambali ndinkangoona ngodya ya katoni. Kutsika sindikanatha, chifukwa ndikatsegula chitseko kupopa kusiya. Ngakhale kutembenuka ndinkaopa, kuti mwina thupi langa liwapanikizanso. Ndinakhala chowuma pa mpando wachikopawo, chala chili pa batani, ndikuganiza za mmene ndikawauzire apongozi, ndi kuti mwana wamng'onoyo ndimuuza chiyani. Ndinawatukwana amuna anga mumtima, ndinawapempherera, ndinawatukwananso.

Kenaka china chinagunda m'munsi mwa chitseko changa. Dzanja lakuda ndi girisi linakwera n'kugwira pawindo, lina n'kutsatira. Mutu unatulukira, fumbi lili mbuu, malaya atang'ambika pachifuwa. Anali atakwawa kuchokera kumbuyo kuja.

"Zimitsani, mayi," anatero mopumira m'mwamba. "Ndatuluka."

"Sindizimitsa."

"Ndatuluka, ndikunena."

"Bwererani m'mbuyo ndikuoneni nonse. Miyendo yomwe."

Anayesa kuseka, nthiti zinakana. Anadzikoka chokhala pa simenti mpaka pa chingwe cha zovala, munthu wamkulu, bwana wa kuntchito kwake, n'kunditambasulira miyendo yonse iwiri. Ndinaiyang'ana, wakumanja ndi wakumanzere, ndipo ndinachotsa chala pa batani n'kuzimitsa injini.

Ndisanatsike n'komwe, kona ija inatsika mpaka chitsulo chinakhudza katoni pamene panali chifuwa chawo. Tonse awiri tinangoyang'ana pamenepo, ndipo bambo anayamba kulira.