Nsambo za Achimwene

Nditatsegula bokosi la gitala yanga ya besi m'mawa umenewo, ndinalitsekanso msanga. Ndinati mwina maso angawa akadali m'tulo. Ndinadzipukuta kumaso, n'kutsegulanso. Besi inali momwemo ndithu, koma ili maliseche. Nsambo zonse zinayi kulibe! Pa makiyi otchunira panangotsala tizidutswa ta waya todulidwa ndi pulaya, ulusi wofiira wa kumapeto kwa nsambozo uli lendelende.

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni pa galaja yomwe bandi yathu imaphunziriramo nyimbo, kukamwa kuli yasa. Mawu oti nditukwane nawo anandisowa, ine amene pa zotukwana sindibwereka kwa munthu.

Inu amene simuimba besi mwina mukuti, "Nanga si nsambo basi, osangogula zina bwanji?" Pepani, tandimverani kaye. Nsambo za besi zilipo za mitundu iwiri. Pali zokhakhala, zija ukamayendetsapo chala zimalira kuti tswii tswii. Zimenezo zimatha mawu msanga, anthu amasintha ngati masokosi. Ndiye pali zosalala, zokulungidwa ndi waya wophwatalala. Zimenezi sasintha, ngakhale kupukuta sapukuta. Zikamakalamba, thukuta ndi mafuta a m'manja zimalowerera m'kati, kulira kwa chitsulo kumatha, n'kutsala mawu onenepa, ofatsa, oti du, du, du, omveka pachifuwa osati m'khutu. Mawu amenewo sagulitsa m'sitolo.

Zanga zija anaziika ndi achimwene anga ine ndisanamere ndevu. Anthu ankawatcha Mgugu chifukwa cha kaimbidwe kawo. Anaziimba moyo wawo wonse, ndipo atamwalira besiyo inabwera kwa ine, pamodzi ndi chipewa chawo, malo awo mu bandi, ndi dzina lomwe: ndinasanduka Kamgugu. Thukuta la achimwene linali m'nsambo zimenezo. Alamu anga, mkazi wa malemuyo, amenenso ndi woimba wa bandi yathu, ankati akandiona ndikutchuna, "Alamu, bwanji osasinthako nsambozo?" Ine ndinkangoseka, n'kumati oimba ndi pakamwa sadziwa za besi.

Tsono tsiku limenelo ndi limene alamuwo ankajambula nyimbo yawo yoyamba chimwalirire amuna awo. Ine ndinali nditalumbira mumtima kuti achimwene amveka m'nyimbo imeneyo, amveka basi, ngakhale ali kumanda. Chakudza sichiimba ng'oma ndithu.

Makiyi a galaja tinali nawo anthu atatu: ine, alamu, ndi mlongo wawo Sipanala, makaniko amene amatinyamulira zipangizo pa kaminibasi kake. Mwa atatufe woyenda ndi pulaya m'thumba analipo mmodzi. Ndinatuluka, ndipo Sipanalayo ndinamupeza panja pomwepo, ali kunsi kwa galimoto, miyendo yokha ikuoneka.

"Iwe Sipanala, tuluka!"

"Mwadzuka bwanji, akulu?"

"Usandipatse moni! Nsambo zanga zili kuti?"

Anatuluka chagada, nkhope ili mafuta okhaokha, akumwetulira ngati munthu woti wandichitira zabwino. "Ooo, mawaya aja? Mwaona kale eti? Imodzi ndi iyi apa." Analoza kunsi ndi sipanala. "Akulu, waya wolimba ngati ameneyu sapezeka masiku ano. Ekizozi ija inkangogwedera msewu wonse, pano yangoti gwa!"

Ndinakwawira kunsi kwa galimoto ndi malaya anga oyera omwewo. Mayo ine! Nsambo yaikulu ija, yonenepa kuposa zonse, imene achimwene ankati akaigunda magalasi a m'holo ankanjenjemera, inali itazengerezedwa pa paipi ya utsi, yopotedwa ndi pulaya, itada kale bii. Ndinaigwira ndi chala. Inali yofunda.

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino?" ndinakuwa ndili kunsi komweko. "Wamangira ekizozi achimwene anga?"

"Aaa, akulu, ndi waya uyu."

"Waya ndiwe! Zinazo zili kuti?"

Apa kumwetulira kunatha. Anayang'ana kumbali, n'kuyamba kupukuta sipanala yoyera kale. "Zinazo musandifunse ine. Nthawi ikutha, akulu, sitolo ya zoimbira ija yatsegula. Kwerani ndikakutuleni."

Ndikwere? Galimoto yomangidwa ndi m'bale wanga? Ndinabereka besi kumsana n'kuuyamba wapansi, ndikulankhula ndekha msewu wonse, moti mayi wina wogulitsa zipatso anakokera mwana wake pafupi.

Sitoloyo ndi yopapatiza, ili pakati pa kogulitsira mankhwala ndi kwa wosoka nsapato. Magitala amalendewera kudenga, ukalowa mosasamala umagunda mutu. Mwini wake ndi mayi wachikulire wovala magalasi a chingwe, amene ankawadziwa bwino achimwene. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, ndinaona kuti pa kauntala payalidwa kale mapaketi atatu a nsambo za besi, onse a zosalala.

"Mwafika, a Kamgugu," anatero mayiwo. "Ndimakudikirani."

"Mumandidikira ine?"

"Eee. Alamu anu anadutsa dzulo masana. Anati mubwera m'mawa uno kudzafuna zosalala, koma ndisakusankhireni, musankhe nokha."

Ndinagwira kauntala ndi manja onse awiri. Dzulo masana? Dzulo masana nsambo zinali pa besi! Madzulo ake tinaphunzira nyimbo limodzi, alamu akuimba, mpaka anandipatsira madzi akumwa ndi manja awiri. Ndiye kuti nthawi yonse ija ankadziwa. Sipanala anangokhala pulaya chabe, dzanja linali la alamu. Zimenezi zinandipweteka kuposa za ekizozi zija.

"Muli bwino?" anafunsa mayiwo.

"Ndipatseni ngati za achimwene," ndinayankha mwaukali, ngati walakwa ndi iwowo.

Anakankhira kwa ine paketi ya kumanja. "Zonenepa ndi izi, zolimba ngati zawo zija. Izi ndi zapakati, izi ndi zofewa. Koma taonetsani manja."

Ndinawatambasula pa galasipo. Achimwene anali ndi manja ngati mafosholo. Anga ndi a mayi athu, aang'ono, zala zowonda.

"Dzanja silimakupwetekani mukamaliza kuimba?"

"Ayi," ndinanama. Akazi anga akanakhalapo akanaseka, chifukwa ndi iwo amene amanditenthetsera madzi oviikamo mkono tikachoka koimba, zaka zonsezi.

Mayiwo sanatsutse. Anangotsitsa besi ina pakhoma, yomangidwa zapakati zija, n'kuilumikiza ku sipika. Ndinaigwira monyinyirika. Chala chinangotsika chokha, osalimbana ndi chilichonse. Ndinathamangitsa zala kukwera ndi kutsika, zikungoterereka, malo amene ndimachita kuluma mano kuti ndifikepo ndinafika ndisanadziwe. Ndinapsa mtima kuti zikukoma. Ndipo pomwepo ndinazindikira chinthu chochititsa manyazi: munthu wamkulu ine, wa imvi m'ndevu, ndinali ndisanasankhepo nsambo chibadwire. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pa paketi ya zonenepa, maso ali pa zapakati. Mkono wopweteka uja ndi umene unapambana: ndinatenga zapakati.

Tinazimanga pomwepo pa kauntala. Nditatchuna n'kugunda kamodzi, ndinatseka maso ndi ululu. Ngakhale zosalala, zikakhala zatsopano zimalira chitsulo. Besi ya Mgugu inkalankhula ngati mnyamata amene mawu sanakhwime.

"Zidzakhazikika," anatero mayiwo. "Muzipatse zaka."

"Ndili ndi mpaka masana ano, mayi."

Ku situdiyo ndinawapeza alamu atakhala pa benchi ya m'khonde, chikwama chili pamiyendo, manja onse awiri ali pamwamba pake. Chibwerere m'banja mwathu ndinali ndisanawakwezerepo mawu. Ndinatula besi pansi.

"Alamu, ndinu?"

"Ndine." Sanaphethire n'komwe.

"Inuyo? Mwa anthu onse? Ndimayesa inu ndi amene mungamvetse! Mawu a amuna anu, mwawadulitsa ndi pulaya ngati waya wa mpanda?"

"Khalani pansi, alamu."

"Sindikhala!"

"Ndiye imani, koma mumve." Analankhula motsitsa, moti ndinachita kuwerama. "Ndinakupemphani kangati? Inu kuseka. Ine ndimaima kutsogolo, inu kumbuyo kwanga. Sindikuonani, ndimangokumvani. Mukangoti du, msana wangawu umati ndi iwo. Ndimatembenuka, alamu. Simunaonepo kuti ndimatembenuka?"

Ndinali nditaona. Nyimbo iliyonse ankatembenuka. Ine ndinkayesa akuyamikira, ndinkachita kuwagwedezera mutu monyada.

"Ndikatembenuka ndimapeza chipewa chawo, besi yawo, nkhope ya munthu wina. Loweruka lililonse amuna anga amamwaliranso, ine maiki ali m'manja, anthu akuvina. Inu munalira maliro kamodzi. Ine ndatopa." Anafinya chikwama chija. "Nyimbo ya leroyi ndi yowatsanzika. Ndiwatsanzika bwanji ali kumbuyo kwangaku akundiimbira?"

Ndinapezeka ndakhala pa benchi paja osadziwa kuti ndakhala liti. Zaka zonsezi ndimati ndikuwasungira mwamuna, osadziwa kuti ndikuwatokosa bala.

Anatsegula chikwama n'kutulutsa kampango koyera. M'kati mwake munali nsambo zitatu zokulungidwa bwinobwino, zakuda ndi ukalamba.

"Yachinayi akuti inathyokathyoka pochotsa," anatero. "Sipanala wataya."

"Wataya? Alamu, ili pa ekizozi."

"Pa chiyani?"

"Pa ekizozi ya minibasi. Wamangira. Akuti pano yangoti gwa."

Tsopano kukamwa yasa kunali kwa iwo. Anaimirira, anakhalanso, anagwira pakamwa. Ndinati Sipanala lero aona zakuda. Koma mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo chinatuluka ndi chiseko, chiseko cha misozi. "Kalanga ine! Ekizozi imene ija? Moyo wawo wonse ankamukalipira Sipanala kuti aikonze. Mpaka aikonza okha!"

Nanenso ndinaseka. Kenako ndinatambasula dzanja. "Ndigawireniko imodzi yokha."

Anakulunga kampango kaja n'kukabweza m'chikwama. "Ayi. Inu munatenga besi, munatenga chipewa, munatenga dzina. Thukuta ili ndinkachapa ndine. Ndi langa."

Wojambula anasuzumira pakhomo, mahedifoni ali m'khosi, n'kutiuza kuti tilowe. M'chipindamo, mwa makoma omata masiponji, aliyense anaima pamalo pake ngati pa siteji: alamu kutsogolo, ine kumbuyo kwawo, wa ng'oma pakona.

"Besi, tatipatseni mawu," anatero wojambulayo kuseri kwa galasi.

Ndinagunda. Anakwinya nkhope, anapotokola timabatani take, n'kundiyang'ana. "Akulu, uyu si Mgugu uyu."

"Si iwo," ndinayankha. "Jambulani choncho."

Wa ng'oma anawerenga, nyimbo inayamba. Poyamba ndinkafunafuna mawu a achimwene pamalo onse amene ndinkawapeza, osawapeza. Ndinkagunda mwamphamvu monga ankachitira iwo, nsambo zikungolira chitsulo. Ndinafewetsa dzanja. Zinayamba kuyankha, osati ngati iwo, koma zinayankha, ndipo zala zanga zinapita malo ena amene sindinkadziwa kuti zimawadziwa.

Maso anga onse anali pa msana wa alamu. Tinafika pa kolasi, paja amatembenuka nthawi zonse. Ndinadikira. Anakoka mpweya, anakweza mutu, mawu anatuluka aakulu, oyera, amene ndinali ndisanawamve chimwalirire achimwene. Vesi yachiwiri inadutsa, kolasi inabweranso, nyimbo inafika kumapeto. Sanatembenuke ngakhale kamodzi.

Wojambula anakweza chala chachikulu kuseri kwa galasi, wa ng'oma anaimba likhweru. Ine ndinavula chipewa chija n'kubisamo nkhope, ndipo ndinalira ngati mwana. Pa maliro paja sindinalire chotero, chifukwa ndinabwerako ndi besi kumsana. Kwa ine achimwene anamwalira tsiku limenelo, masana, m'chipinda cha masiponji.